Chaka Chamawa, a Fernand

Romford, 13 Malichi 2005

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu, Amayi ndi mlongo wanga Anna amene akukuwerengerani. Ine kuno ndili bwino, kupatula msana womwe umandikumbutsa tsiku lililonse kuti ntchito yanga ndi yonyamula okalamba. Chisanu chayamba kutha.

Ndapatsira mapaundi 120 mayi Gladys, nesi wa kutchalitchi kwathu kuno, amene akubwera kumudzi sabata yamawa. Anna akawadikire pa Lizulu Lachinayi. Mugule mbewu ya kachewere ya kudimba, yotsalayo mupite nayo kuchipatala akakuoneni masowo. Musakane ndi mawu anu aja akuti maso a nkhalamba sachiritsika.

Za m'kalata yanu ndamva. Mukuti ndibwere mu Ogasiti pamene mudzi umalambula kumanda, popeza nthawi ina munthu salowako wamba, kuti mukandionetse pamene munaika agogo a Jeremiya m'chaka cha njala cha 1949. Mukuti palibe mtanda kapena mwala, ndipo mwa onse amene ananyamula makasu tsiku limenelo mwatsala nokha. Ndibwera, Bambo, tidzamange chiliza. Koma mawu oti mtchona aja andiwawa. Inu ku Joni munatha zaka ziwiri, ine kuno ndangotha zitatu. Chaka chimodzi chokha chapamwamba chisandutse munthu mtchona?

Mtchona weniweni ndili naye kuntchito. Dzina lawo ndi a Fernand, a zaka 79, kwawo ndi ku France. Anabwera ku London mu 1957 kudzatsuka mbale muhotela, akuti kwa zaka ziwiri basi, kuti apeze ndalama yokonzera denga la amayi awo. Kenaka anaphunzira kuphika buledi, anakwatira Mngelezi, denga lija mpaka lero. Mkazi wawo anamwalira. Mwana wawo ndi mmodzi, Stephanie, amabwera Lamlungu. Mutu wawo wayamba kutaya zinthu: chimene adya m'mawa sakumbuka, koma mbuzi za amayi awo amazitchula mayina zonse.

Pamwamba pa bedi lawo anamatapo mapu akale, ndipo pali kadontho kamene chala chawo chinafufuta ndi kuloza. Akuti ndi Sauvernac, mudzi wawo. M'mawa uliwonse ndikamawameta ndevu amandifunsa kuti, “Shadrick, tipita liti kwathu?” Akuluakulu a pantchito anatiphunzitsa kuti munthu wotere osamutsutsa, choncho ndimangoti, “Chaka chamawa, a Fernand.” Amasangalala, n'kutukula chibwano kuti ndimete bwino.

Mundiperekere moni kwa onse a pakhomo.

Ine mwana wanu,
Shadrick

Romford, 19 Juni 2005

Okondedwa Bambo,

Muli bwanji kumeneko? Ine ndilipo. Ndamva chisoni kuti chimanga chapsa ndi dzuwa ndipo nkhokwe sinafike ngakhale pakati.

Yovuta ndiyambe nayo kuti ichoke pakhosi. Ogasiti uno sindibwera. Pasipoti yanga ili ku ofesi ya mapepala, akuwonjezera chilolezo changa chogwirira ntchito, ndipo akuti zitenga miyezi. Munthu ukatuluka zisanathe, chitseko chimatsekeka kumbuyo kwako. Palinso zina za kunyumba imene ndinkakhala zomwe sindingalembe, koma musade nkhawa, mnzanga Rogers wa ku Zambia wandipatsa pogona. Chaka chamawa sindilephera.

Mwandifunsa ngati Azungu nawonso ali ndi kumudzi. Ali nako, Bambo, ndipo kwa a Fernand n'kovuta kuposa kwathu. Mudzi wawo unakangamira pambali pa phiri kummwera kwa France. Kuchokera kutauni yapafupi ndi makilomita makumi awiri, msewu wake wokhotakhota moti akuti ngakhale bulu amachita chizungulire. M'munsi muli kamtsinje kamene kamaphwa nthawi yotentha, koma mvula ya Seputembala ikagwa kamakokolola milatho. Malo osalala oti ana n'kusewererapo mpira kulibe. Makolo awo anamanga makoma a miyala m'phiri lonselo ngati masitepe, n'kumasenza dothi m'madengu kuchokera kumtsinje kudzathira kuseri kwa makomawo. Mvula ikalitsitsa, iwo ankalikwezanso. Nditawauza za minda yathu ya m'mapiri ndi momwe Amayi amasenzera manyowa pamutu, anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Ndiye kuti ndife a mudzi umodzi.”

Tirigu sachita bwino kumeneko. Chakudya chawo chinali mtedza wa mumtengo umene amautcha shatenyi, waukulu ngati chala chachikulu cha kuphazi. Ankautola mu Okutobala, kuuyanika pa utsi mwezi wathunthu m'kanyumba ka miyala, kuupuntha, n'kupera ufa. Mtengowo amautcha mtengo wa buledi. Akuti munthu ankaudzalira adzukulu, chifukwa umachedwa kubereka. Ndinakumbuka mapichesi anu aja amene munkandikwapulira ndikathyola osakhwima.

Ndatumiza mapaundi 100. Mbuzi musagulitse, mitengo yake panopa ndi yachipongwe.

Ine mwana wanu,
Shadrick

Romford, 27 Novembala 2005

Okondedwa Bambo,

Moni nonse. Ine ndikupeza bwino, ngakhale mwezi watha ndinagona masiku angapo. Zinali zazing'ono. Pasipoti yabwera.

Ndamva kuti thumba la chimanga lafika pa K2,000 ndipo anthu akugona pamzere. Ndatumiza mapaundi 200, ndawonjezera maola Loweruka kuti zitheke. Gulani matumba anayi pompano lisanakwerenso.

Anna wandiuza pafoni ya a Oswald a pagolosale kuti chifuwa chakuvutani kuyambira Seputembala. Wandiuzanso kuti tsiku lolambula kumanda amalume a Harry anakupemphani kuti muwalozere pamene pali agogo, inu n'kukana, kunena kuti imeneyo ndi ntchito ya mwana woyamba ndipo mudikira Shadrick. Kuuma mutu kumeneku ndinatengera inu, ndiye sindikudabwa. Koma mankhwala imwani.

A Fernand Chingelezi chayamba kuwathawa. Masiku ena amandilankhula Chifalansa chokhachokha, ine n'kumangovomera ngati ndili kubwalo la milandu. Masiku abwino amandisimbira momwe mudzi wawo unathera. Nthawi ya agogo awo munali anthu mazana asanu ndi atatu. Nyumba iliyonse inkaweta mbozi zopota ulusi wa silika, kuzidyetsa masamba a mabulosi, ndipo ndalama ya ukwati ndi ya maliro inkachokera pamenepo. Mbozi zinagwidwa matenda, silika wotchipa anayamba kubwera kuchokera kunja. Kenaka nkhondo ya 1914 inatenga anyamata. Pabwalo la tchalitchi akuti pali mwala wolembedwa mayina 41, atatu mwa iwo a banja lawo. Otsala anapita kumigodi ya malasha, ena kumizinda. Mitengo ya buledi nayo inayamba kuuma popanda woidulira. Sukulu inatsekedwa mu 1971 mutatsala ana anayi. Lero akuti nthawi yozizira simukwana anthu makumi asanu ndi awiri.

Ndinawafunsa kuti, nanga ndani anaupha mudziwo? Anaganiza nthawi yaitali, kenaka anati, “Palibe anaupha. Aliyense anangoti akupita kwa zaka ziwiri.” Ndinaseka nawo, koma tiyi wa tsiku limenelo sanandikomere.

Iwo anapitako komaliza mu 1968 kukaika amayi awo. Anakhalako masiku atatu, buledi akuwadikira ku London.

Ine mwana wanu,
Shadrick

Romford, 9 Epulo 2006

Okondedwa Bambo,

Kalata ya lero ndi yaifupi koma yonona. Tchuthi andipatsa, kuyambira pa 5 mpaka pa 26 Ogasiti. Anna wandiuza kuti tsiku lolambula likhala pa 12, ndiye ndidzakhala nditapumula kale. Tikiti ikufuna mapaundi 640, ndigula kumapeto kwa Juni.

Ndasangalala kuti chaka chino chimanga chabereka. Koma bwanji mwasiya kupita kudimba? Anna akuti mukafika pachulu paja mumakhala pansi kupuma. Mundiuze zoona.

Mufunse mmisiri kuti chiliza chabwino chimadya matumba angati a simenti. Mundiuzenso saizi ya nsapato ya Amayi, ndaiwala, manyazi andigwira. Inu ndakugulirani jekete yaubweya, mudzaivale tsiku limenelo kuti agogo adzaone kuti mwana wawo sakuvutika.

A Fernand akuti ndikupatseni moni. Ndawauza kuti ndikupita kwathu, ndipo anati, “Uchita bwino, mwana wanga.” Patapita ola limodzi anali ataiwala.

Ine mwana wanu,
Shadrick

Romford, 2 Julayi 2006

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kuzizira kwa Ntcheu sikukuwonjezera chifuwa. Ine ndili bwino m'thupi. Jekete ija ndapatsira mayi Gladys pamodzi ndi kalatayi.

Anna, uwerenge pang'onopang'ono, usadumphe mawu. Bambo, zinthu zasintha pang'ono. Adokotala auza Stephanie kuti mtima wa a Fernand watopa, ndipo ngati akufuna kuti akaone kwawo, chaka chake ndi chino. Ku Sauvernac kumakhala chikondwerero cha mudzi pa 15 Ogasiti, tsiku lokhalo limene obalalika amabwerera. Stephanie sangathe kuwanyamula yekha, ndipo a Fernand salola munthu wina kuwasambitsa koma ine. Anandipempha akulira. Za chitupa cholowera ku France wayendetsa yekha, ndipo andilipira kuwirikiza kawiri. Kuntchito akana kundipatsa tchuthi china m'mwezi womwewo. Ndavomera kuwaperekeza pa tchuthi changa chija, choncho Ogasiti uno kumudzi sindibwera.

Rogers anandikalipira m'Chinyanja cha kwawo kuti ndikuthera tchuthi pa nkhalamba ya eni. Anati, “Iwe, leave yako uzasiliza pali mudala wa bene? Nanga ba tate bako?” Ndinamuyankha kuti bambo anga ndi olimba, anapulumuka njala ya 1949 ndi migodi ya ku Joni, chaka chimodzi sichingawagwetse. A Fernand ndiwo alibe chaka china. Ndinamuuzanso kuti ndalama ya ulendowu ndi imene imangitse chiliza chapamwamba, cha mwala wolembedwa, osati simenti yokha. Anangopukusa mutu n'kupita kuntchito.

Musandione ngati ndakunyozani. Mumandiphunzitsa nokha kuti wokalamba aliyense ndi kholo lako. Ndaika mapaundi 150 kuti mugule matumba asanu ndi limodzi a simenti amene mmisiri ananena, muwaike pouma. Chaka chamawa ndidzabwera mwezi wathunthu, ndipo palibe adzandiletse.

Ndikupemphaninso, pa 12 Ogasiti alozereni amalume a Harry pamene pali agogo. Sikuti ndikukana udindo wanga, koma chinthu chikadziwika ndi awiri sichitayika.

Ine mwana wanu,
Shadrick

Romford, 22 Ogasiti 2006

Okondedwa Bambo,

Muli bwanji? Ndayesa kuimba kwa a Oswald kawiri, foni siikulowa. Ine ndabwerako ku France dzana, ndipo sindinapumule, koma ndiyenera kukulemberani lero.

Tinakwera sitima yodutsa pansi pa nyanja, kenaka ina, kenaka galimoto. Msewu ndi wokhotakhota monga ananenera. Tikuyandikira, mutu wa a Fernand unayera mbee, ngati munthu wa zaka makumi anayi. Ankatchula dzina la phiri lililonse ndi mwini munda uliwonse. Koma minda yake kulibe, Bambo. Makoma a miyala aja anagumuka, phiri lonse ndi minga, mtedza wa shatenyi akudya ndi nguluwe. Olima atsala banja limodzi, amaweta mbuzi n'kumagulitsa tchizi ndi uchi kwa alendo. Sukulu ija anaisandutsa nyumba yogona alendo. Nyumba ya amayi awo anagula Angelezi, amabwerako mwezi umodzi pachaka. Denga analikonza bwino kwambiri. Anatilandira mwaulemu, anatipatsa madzi, ndipo a Fernand anamwera pakhonde pa nyumba imene anabadwiramo ngati mlendo.

Pachikondwerero panali oimba atatu ndi anthu odzaza matebulo asanu. Amene anawazindikira ndi mmodzi yekha, mayi Odette, osunga makiyi a tchalitchi, amene anaphunzira nawo sukulu.

M'mawa mwake tinapita kumanda. Kumeneko aliyense amangolowa, palibe kupempha. Ndinkakankha njinga ya olumala ya a Fernand pamiyala, iwo akulondolera: mzere wachitatu, pafupi ndi khoma. Titafika tinapeza mwala watsopano wonyezimira, dzina la munthu wina. Anati tasochera. Tinazungulira kawiri, n'kubwerera pomwepo.

Mayi Odette ndiwo anafotokoza, Stephanie akundimasulira. Kumeneko malo a manda amachita kubwereka kwa zaka makumi atatu. Zikatha, abale amayenera kubwera kudzawonjezera. Za amayi a Fernand zinatha mu 1998. A ofesi ya mudzi anaika chikwangwani pamandapo, chinakhalapo zaka, analembanso makalata ku hotela ija ya ku London imene inagwetsedwa kalekale. Palibe anayankha. Mu 2002 anafukula mafupa n'kukawaika m'dzenje limodzi la pakona, momwe amasonkhanitsa onse opanda owayendera.

A Fernand anandiuza kuti ndiwakankhire pakonapo. Ndi simenti yosalala basi, kukula ngati chitseko. Anavula chipewa n'kufunsa kuti, “Ali mbali iti?” Palibe anadziwa. Kenaka anandiyang'ana n'kunena m'Chingelezi chomveka bwino kuti, “Shadrick, ndinkati zaka ziwiri.” Analira ngati mwana. Ine ndinagwira zogwirira za njinga, koma pa simenti ija sindinkaona amayi awo. Ndinkaona inu mutakhala pachulu kupuma.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndinalakwa, Bambo. Ndaperekeza kholo la eni kwawo, langa ndalisiya likuyang'ana kumsewu. Dzulo ndagula tikiti ya pa 7 Okutobala, tchuthi chosalipidwa, akafuna andichotse ntchito. Mupemphe akuluakulu atilole kulowa kumanda ngakhale nthawi yolambula yadutsa. Nkhuku kapena mbuzi imene anene ndipereka. Ngati simungathe kuyenda ndidzakuberekani, kunyamula okalamba ndiye ntchito yanga.

Mundidikire.

Ine mwana wanu,
Shadrick

Romford, 19 Novembala 2006

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti mukulimba mtima ndipo mwayamba kudya. Ine ndinafika bwino, ndayambanso ntchito. Mundikhululukire kuti ndatenga nthawi osalemba. Ndikatenga pepala, dzanja limayamba lokha kulemba kuti Okondedwa Bambo.

Masiku amene ndinali kumudziko sindinathe kulankhula nanu bwino, anthu anali ambiri, ndiponso ndinkaopa maso anu. Ndinafika Bambo atagona kale m'dothi masiku anayi. Kalata yanga yowauza kuti andidikire inafika ine ndili pomwepo, Anna anandipatsa yosatsegula. Ndili nayo kuno.

Chimene sichindichoka m'mutu ndi chija munandiuza tikusenda nyemba, kuti pa 12 Ogasiti Bambo anavala jekete ija m'mamawa, anakana kupita kumanda ndi anzawo, n'kukhala pakhonde kuyang'ana njira ya ku Lizulu mpaka dzuwa kulowa. Munawakumbutsa kuti ndinalemba kuti sindibwera, iwo anati mwina mwanayo asintha maganizo. Zengerezu adalinda kwawukwawu, Amayi, ndipo zengerezuyo ndine.

Munaona nokha zimene zinachitika atatilola kulowa kumanda. Amalume a Harry analoza pansi pa msuku. A Felton, mkulu wina wa m'mudzi, analoza kuseri kwa chulu, mayadi makumi awiri kuchokera pamenepo. Mitumbira yonse ya kale inafafanizika, pangotsala masamba. Sindikuimba mlandu aliyense wa iwo, sanalipo mu 1949. Amene analipo anandidikira zaka ziwiri.

Za simenti ili pakona ija, musaisiye iume ndi chinyezi cha mvula. Mugulitse kwa a Oswald, ndalamayo mugulire feteleza. Pamutu pa Bambo muikepo mwala waukulu, Anna alembepo dzina ndi penti, ndipo aziyenderapo pakalolezedwa. Dothi likakhazikika tidzamanga chiliza, ndipo pansi pa dzina lawo tidzalembe kuti: Mwana wa a Jeremiya, amene agona chapafupi pano. Ndi zokhazo zimene ndingawachitire agogo.

Chilolezo changa chikutha mu Meyi ndipo sindiwonjezera. Sindikulonjezani ndi pakamwa, pakamwa panga mukupadziwa. Ndaika m'kalata muno pepala la tikiti, Anna akuwerengereni. Ndi yopita kokha. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka.

A Fernand akadali moyo, mtima umene adokotala anati watopa ukugundabe. Za ulendo uja aiwala zonse, nyumba, mayi Odette, simenti ya pakona ija. Mapu akadali pamwamba pa bedi. Lachiwiri ndikuwameta anandifunsa monga kale kuti, “Shadrick, tipita liti kwathu?” Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zija ndinkawauza iwo ndi Bambo, koma mawu anakana kutuluka. Lumo linaima m'dzanja. Ndinati, “Tinachedwa, a Fernand.”

Anandiyang'ana modabwa, kenaka anatukula chibwano n'kunena kuti, “Ndiye fulumira kumeta.”

Mulungu akusungeni mpaka ndikuoneni.

Ine mwana wanu,
Shadrick